Chidole cha Mina Chinapita Chopanda Kalata

Kulemba ndaphunzira mano atayamba kale kugwa. Ndinkakhala pabenchi limodzi ndi amayi ogulitsa nyemba kumsika, kuseri kwa tchalitchi cha m'bayiro mwathu, dera limene timakhala muno mu Lichinga, ndipo profesora wathu wotiphunzitsa, mtsikana wa msinkhu wa mdzukulu, ankandiuza kuti, "Agogo, lapizi si sompho. Musakanikize chonchi, mukubowola kaderno." Anzanga ankafuna kudziwa kusaina ku ofesi ndi kuwerenga mauthenga a pafoni. Ine chimene ndinkafuna sindinauze munthu. Panali mzere umodzi umene ndinayenera kulemba kalekale, ndipo chifukwa chosaulemba, mkazi wanga alibe manda.

Ndinachoka kuno mbendera itangosintha, anthu akusokonezabe dzina la tauni, ena Vila Cabral ena Lichinga. Mpwitikizi amene ndinkamupalira matabwa anakhoma ofisina yake yopalira matabwa n'kukwera ndege, ife amanja tinatsala tikuyang'ana loko. Kwathu ku Lione kunali chimanga, nyemba ndi batata, koma kunalibe nsalu, kunalibe mchere, ngakhale msomali. Anthu ankati ku Tanzania munthu wodziwa kugwira sompho sagona ndi njala.

Mkazi wanga Anjelina anali ndi mwana kubere, Felizimina, amene tinkangomutcha Mina. Sabata yonyamukira ndinawasemera mpando, chipeso ndi kamtondo. Popeza dzina langa sindinkatha kulemba, chilichonse chimene ndasema ndinkachitema timizere titatu kunsi kwake. Anjelina ankandiseka nato. Ankatembenuza chinthucho n'kunena kuti, "Eya, mapazi a nkhuku aja mwaika."

M'mawa wonyamuka kunali nkhungu yoti sungaone nkhokwe ya pabwalo pako pomwe.

"Zaka ziwiri basi, amake Mina," ndinatero. "Akamayamba kulankhula ndidzakhala nditabwera."

"Pitani," anatero, akundimangira batata yophika m'kansalu. "Koma mukadzamupeza atakula, musadzandifunse chifukwa chake akukuthawani."

Za ulendo sindinena zambiri. Ndinawoloka Rovuma, ndinakwera malole a anthu osawadziwa, ndipo ndinafika ku Dar es Salaam nditavala jekete la kuphiri, thukuta likuyenderera mpaka m'nsapato. Amene ananditola anali Anselimo, Mmakonde wa kwathu kuno ku Mozambiki, wa mphini kumaso ndi mano osongola. Anandiona ndikusenza zipika padoko, anayang'ana manja anga n'kunena kuti, "Iwe Mnyasa, manja awa si osenzera. Tiye ukaonane ndi nkhalamba yathu."

Nkhalambayo inali Mmwenye, Mistiri Govindi. Ofisina yake inali kuseri kwa sitolo ya nsalu, pakabwalo kotchingidwa ndi makoma. Sankasema ziboliboli za alendo ojambula zithunzi ayi. Ankasema milungu ya anthu a kwawo, yaing'ono, yoti banja liziika m'kabati kake m'nyumba, kumaiyatsira nyale ndi kumaiikira maluwa m'mawa uliwonse. Tinalipo amisiri anayi, ndipo tinkagona m'chipinda chimodzi pamwamba pa mosungira mitengo, momwe fungo la mlombwa linkalowa mpaka m'zovala. Malamulo anali ochepa koma osaphonya. Nsapato pakhomo. Kusamba usanagwire mtengo. Wonunkha mowa kapena nyama abwerere akagone. Ndipo chipika chimene chayamba kuoneka nkhope suchidumpha, suchikhalira, suchikankha ndi phazi.

Ine, munthu wobatizidwa, mtima sunakhale pansi miyezi yoyamba. Ndinafunsa Anselimo ngati sitikudzitemera nkhuni za ku moto wosatha.

"Mnyasa iwe," anatero akunola sompho, "ku mishoni ndinasema Mariya Woyera asanu ndi awiri, ndi Yosefe wamphuno yokhota amene abambo mfumu anamukana. Mtengo ndi womwewu. Iwe dandaula za chala chako, chili pafupi ndi mpeni."

Chimene chinandikhazika mtima si Anselimo. Tsiku lina Mistiri anandituma kunyamula bokosi kunyumba ina, ndipo mayi wokalamba wa m'nyumbamo analitsegula, anagwira kumapazi kwa chosemacho n'kuyamba kulankhula nacho m'chinenero chawo, misozi ikutsika, monga mmene munthu amalankhulira ndi mbale amene wafika kuchokera kutali. Sindinamve liwu ngakhale limodzi. Koma kuyambira tsiku limenelo sindinapalenso mtengo mwaulesi.

Mistiri sankagwiritsa metro, tepi yoyezera ija. Ankadula kaudzu kautali wa nkhope ya chosemacho, ndipo thupi lonse linkayezedwa ndi kaudzu kameneko: chifuwa timaudzu takuti, mwendo takuti. Maso ankasema yekha, ndipo ankasema pomalizira penipeni, tsiku limene eni ake akubwera kudzatenga. Ankati chosema chopanda maso ndi mtengo chabe, koma chikangoona chasanduka mlendo. Patsikulo ankaika galasi ndi mbale ya maswiti patsogolo pake, ife tonse n'kutiimika kumbuyo. "Choyamba kuona chikhale chokoma," ankatero. "Osati nkhope ya Anselimo."

Mwa milungu yonseyo, anthu ankafuna kwambiri Ganeshi, wa mutu wa njovu, mimba yaikulu, manja anayi, ndi kakhoswe kumapazi. Ankati ndiye amachotsa zopinga panjira. Nthawi yoyamba imene Mistiri anandipatsa mmodzi kuti ndisalaze, ndinaona kuti mnyanga umodzi ndi wothyoka. Ndinachita mantha kuti anena kuti ndine, ndiye ndinatha tsiku lonse ndikusema kachidutswa, n'kukamata bwinobwino. Mistiri ataona anaseka mpaka kukhala pansi. Mnyangawo umakhala wothyoka dala. Kwa chaka chathunthu Anselimo ankanditcha dotolo wa mano a njovu. Kakhoswe kaja nakonso sindinakamvetse. Ndinauza Mistiri kuti kwathu khoswe timamutchera, sitimusemera. Iye anati, "Ndiye chifukwa chake amakudyerani chimanga."

Makalata ankandilembera ndi Anselimo, Lamlungu masana, popeza anapita kusukulu ya mishoni. Ankawanyamula ndi wamalonda wina, Myao, amene ankayenda ndi mchere ndi nsalu mpaka kuno kuphiri. Ndinkatumiza zimene ndikanatha: mbale zachitsulo, nsalu, sopo, kenako wayilesi. Ndipo m'makalatamo ndinkadzitama. "Lemba kuti mwayi wandipeza," ndinkatero. "Lemba kuti Mmwenye wanga wandionetsa zinsinsi za ntchito zimene saonetsa munthu wamba." Anselimo ankapukusa mutu koma ankalemba. Za nsikidzi ndi malungo sindinkalembetsa.

Zaka ziwiri zija zinakhala zinayi, zinakhala zisanu ndi chimodzi. Yankho lina linanena kuti anthu a kwathu awasamutsa m'minda mwawo, awaika m'mudzi watsopano umene ankautcha aldeya, kufupi ndi Chimbonila, nyumba zili m'mizere, oyandikana nawo anthu a mitundu ina osadziwana. Kumapeto kwake Anjelina analembetsa kuti, "Mina amafunsa ngati atate ake ali ndi ndevu." Ndinapempha Anselimo kuti awerengenso mzere umenewo katatu.

Chaka chimenecho Mistiri anandilola kusema Ganeshi wathunthu ndekha, kuchokera pachipika. Anandiuza kuti ndisankhe mlombwa wa pansi pamulu, umene wauma zaka zambiri. Koma pamwamba panali chipika china chokongola, chofiirira, chamizere ngati madzi oyenda, ndipo ndinadziwa ndithu kuti mtima wake sunaume. Ndinachitenga. Masabata asanu ndi imodzi ndinali pa iye. Anali wautali ngati kuchokera pachigongono kufika padzanja. Ndinamupatsa mimba yabwino, makutu opyapyala oti kuwala kunkadutsa m'mphepete, ndi kakhoswe konyamula timanja ngati kakupempha. Kunsi ndinatema timizere tanga titatu. Anatsala maso okha.

M'mawa wina tinamupeza atang'aluka kumsana, kuchokera pakhosi mpaka m'chiuno, mng'alu woti chala chaching'ono n'kulowa.

Mistiri sanakalipe. Anamutembenuza, ananunkhiza mng'aluwo, anandiyang'ana, ndipo ndinadziwa kuti wadziwa za chipika.

"Dzanja lako lakhwima," anatero. "Mtima wako ndi umene sunaume. Wong'aluka salowa m'nyumba ya munthu. Sititentha, sititaya kudzala. Upite naye kunyanja, ulowe mpaka m'mawondo, umuike m'madzi ndi manja awiri. Tenga ndi maluwa awa."

Ndinapita. Ndinalowa m'madzi mpaka m'mawondo monga ananenera. Maluwa ndinawaika, anayandama n'kupita. Koma nditamuvundukula pansalu ndinaona mimba ija, makutu aja, ndipo ndinaganiza za mwana amene amafunsa ngati ndili ndi ndevu, amene mwina amabereka chitsononkho kumbuyo ngati ana onse a kwathu. Ndinati mumtima, alibe maso, ndi mtengo chabe, Mistiri ananena yekha. Nsomba zipindula naye chiyani? Ndinamukulunganso.

"Wapita bwino?" anafunsa Mistiri nditabwerera.

"Wapita bwino, Mistiri."

Ndinamubisa m'bulangete latsopano, ndinalisokera m'thumba, ndipo wamalonda uja atabwera ndinamupatsa ndi kunena kuti ndi bulangete chabe la nyengo yozizira. Kalata sindinalembetse. Anselimo ankalemekeza nkhalamba ija ngati bambo ake, ndipo ndinadziwa kuti akamva andikoka khutu kubwerera nane kunyanja. Ndinadzitonthoza kuti chidole sichifuna kalata. Aliyense akaona adziwa kuti ndi chidole. Ndinali nditakhala naye zaka zambiri Ganeshi, moti ndinaiwala mmene amaonekera kwa munthu amene sanamuonepo.

Yankho silinabwere. Wamalonda uja anabwera ulendo wina umodzi n'kunena kuti njira zaipa, kuli amfuti m'tchire, malole akuwotchedwa, iye sapitanso. Kenako tinkangomva za kwathu kwa anthu othawa, aliyense ndi nkhani yake, ndipo palibe amene ankadziwa Anjelina. Kawiri ndinanyamuka, kawiri ndinabwerera pa Rovuma. Ndinganene kuti ananditsekereza ndi asilikali, ndipo n'zoona, koma ena anadutsa. Ine ndinachita mantha.

Mistiri anamwalira nkhondo isanathe. Ife amisiri ake tinasenza nkhuni za mwambo wawo womuwotchera. Ndinanyamula chipika changa ndikudziwa kuti munthuyu wapita akukhulupirira kuti ndinamumvera. Ofisina inatsekedwa. Anselimo anandiperekeza pa basi mtendere utamveka, anandipatsa sompho lake laling'ono losemera makutu, n'kunena kuti, "Ukafike, dotolo. Ukandilembere." Kenako anakumbukira kuti sindidziwa kulemba, tonse tinaseka. Sitinaonanenso.

Ku Lione ndinapeza tchire. Pamalo a nyumba yathu panamera mitengo yoti ndikanatha kusemamo mipini. Anthu anandilozera kwa mlamu wanga Tomasi, mchimwene wake wa Anjelina, amene anali atakhazikika m'mphepete mwa tauni. Ndinamusiya ali munthu wa nthabwala. Ndinamupeza wowonda, wosaseka. Sanandilandire katundu. Anandipatsa mpando panja, mphepo ikuwomba, ndipo anandiuza zonse osandiyang'ana.

Thumba lija linafika. Mina, wa zaka zisanu ndi ziwiri, anatenga chinthucho n'kuchibereka kumbuyo tsiku lomwelo. Kuchitsime amayi ena anati tione mwana wako, anavundukula nsalu, ndipo anathawa kusiya ndowa. Mutu wa njovu, manja anayi, khoswe kumapazi, ndi kumaso kosalala kopanda maso. Nyumba ya Anjelina inali kale pakamwa pa anthu chifukwa cha wayilesi ndi mbale zachitsulo. Mwezi womwewo chikuku chinatenga ana awiri mumzere wawo. Anthu anati amuna ake anakhwimira chuma kwa Amwenye, ndipo chinthucho achitumiza kuti chizidya ana a eni.

Sekeretariyo wa aldeya, mkulu woikidwa ndi boma, anaitanitsa msonkhano. Anauza Anjelina kuti abweretse makalata onse a amuna ake, ndipo anawerengedwa pagulu. Mwayi wandipeza. Mmwenye wanga wandionetsa zinsinsi zimene saonetsa munthu wamba. Munthu wina anafunsa kuti, nanga kalata yobwera ndi chinthuchi ili kuti? Anjelina anati panalibe. Anthu anang'ung'udza. Katundu aliyense ankabwera ndi kalata, kupatula ameneyu. Sekeretariyo anati iye za ufiti sakhulupirira, koma zinthu zamdima ngati zimenezi n'zimene zikubweza dziko m'mbuyo. Okhulupirira ndi osakhulupirira anagwirizana pa chinthu chimodzi: chibwere mawa m'mawa chitenthedwe, nkhani ithe.

"M'mawa mwake chinthucho sichinapezeke," anatero Tomasi. "Anasecha nyumba yonse, anagwetsa ndi denga la khitchini. Mlongo wanga ankangoti sindikudziwa. Ndinamuchonderera, alamu. Ndinati perekani, ndi mtengo chabe. Anangondiyang'ana. Ndiye anamuuza kuti achoke, adzabwere akadzabwera nacho."

Anjelina anabwerera kumunda wakale ku Lione, iye ndi mwana, kopanda anthu, kopanda asilikali. Anakhalako dzinja limodzi. Nthawi yokolola amfuti a m'tchire anafika masana, anamusenzetsa thumba la chimanga chake chomwe, n'kumutsogoza. Mina anali m'munsi mwa munda akuthyola nyemba, anagona pansi m'mizere. Tomasi anakamutenga patapita masiku atatu. Anjelina sanabwerere, ndipo palibe amene anabwera kudzanena pamene anagwera.

"Tsono ndiuzeni, alamu," anatero Tomasi. "Chinali chiyani?"

"Chidole," ndinatero.

Anandiyang'ana koyamba. Anadzuka n'kulowa m'nyumba.

Mina ndinamuona mawa lake. Anali namwali wamtali, wa chipumi cha amayi ake. Anagwada patali, anati, "Mwafika bwino, achikulire?" Achikulire. Anaona kuti ndili ndi ndevu, koma sanafunsenso.

Kuyambira pamenepo takhala m'tauni imodzi zaka zambiri. Anaphunzira, analowa ntchito mu ofesi ya boma, anakwatiwa ndi mphunzitsi, munthu wabwino, ana awo akula. Ine ndinabwereka kachipinda, ndinkapanga zitseko, mipando ndi mabokosi a maliro. Chosema cha nkhope sindinagwirenso. Mina sanandichitire mwano ngakhale kamodzi. Ndikadwala ankatumiza amuna ake ndi mankhwala panjinga yamoto. Zitseko za nyumba yawo ndinapanga ndine, ndipo anandilipira ngati mmisiri wina aliyense. Tikakumana kutchalitchi ankati, "Mwadzuka bwanji, achikulire?" n'kudutsa. Ine ndinkati mumtima, mwanayu amakhulupirira zimene ankanena anthu, kuti ndinagulitsa amayi ake. Ndinkafuna kumuuza, koma ndikamuyandikira ndinkangomupatsa moni basi. Ndiye ndinapita kukakhala pabenchi lija ndi amayi a nyemba.

Zimene mwawerengazi, kufikira pa nkhani ya kunyanja ndi thumba, ndinazilemba m'miyezi isanu. Lamlungu lina la mwezi wozizira, titatuluka m'tchalitchi, ndinapita nazo kunyumba kwake. Amuna ake ataona kaderno, kope langa lolembamo, m'manja mwanga anakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi munthu wokamuona, analiza njinga n'kupita. Tinatsala awiri pabalaza.

"Ndabwera kudzakuwerengerani kanthu, mayi," ndinatero.

"Werengani."

Ndinawerenga ndi chala, pang'onopang'ono, ngati mwana wa kalasi yoyamba. Pena ndinkalephera kuwerenga zolemba zanga zomwe. Sanandithandize, sanandidule. Nditamaliza ndinati, "Chinali chidole chanu. Sindinakhwime. Ndinangoba chinthu chimene ndinatumidwa kukataya, n'kuchita manyazi kulembetsa kalata."

Anayang'ana pakhoma.

"Mukuganiza kuti sindinkadziwa?" anatero. "Mwana salephera kudziwa chidole. Amene sanadziwe ndi akuluakulu."

Anadzuka, analowa kuchipinda. Ndinamva akukoka sutikesi pansi pa bedi. Anatuluka ndi kanthu kokulungidwa m'nsalu yakale yofwifwa, ndipo nsaluyo ndinaizindikira, chifukwa ndinaigula ndine. Anaika patebulo n'kumasula.

Anali iyeyo. Khutu limodzi linali litabenthuka, mimba inali yakuda ndi yonyezimira chifukwa cha manja. Kakhoswe kanali kakupemphabe. Kumaso kunali kosalala monga ndinamusiyira.

"Ndinamubisa ndine," anatero Mina. "Nditamva kuti amutentha, ndinakamukwirira m'dzenje losungiramo batata, kuseri kwa nyumba ya eni ake ena. Amayi anandifunsa kamodzi kokha. Anati, Mina, mwana wako ali kuti? Ndinati sindikudziwa. Anandiyang'ana, ndipo anakanena mawu omwewo pamsonkhano."

Ndinafuna kulankhula, anakweza dzanja.

"Dikirani. Tsiku lochoka ndinakamufukula, ndinamubereka, n'kufunda nsalu pamwamba. Tinali tisanapite patali, denga la sukulu likuonekabe, pamene amayi anaona chotupa kumsana kwanga. Anaima. Ndinati basi, andilanda, tibwerera. Akanatha kubwerera, kunali pafupi. Anavundukula, anamutembenuza, anaona kunsi. Anati, mapazi a nkhuku. Kenako anandimangira bwino nsalu, anati, mwana saberekera m'munsi chonchi, agwa. Tinapitirira."

Anagwira m'mphepete mwa tebulo.

"Ndikanangonena kuti ali m'dzenje la batata, bwenzi amayi ali pano akukalipira adzukulu. Inu mumati ndimakuthawani chifukwa ndimakudani. Ndinkati tsiku lina mudzandifunsa kuti chidole chija chinapita kuti."

"Munali mwana," ndinatero. "Zaka zisanu ndi ziwiri."

"Inu munali wamkulu," anatero. "Zakuthandizani?"

Kunja kunkadutsa njinga zamoto, ndipo wina ankaitanira makala. Tinakhala choncho, chosemacho chili pakati pathu. Kenako ndinanena zimene ndakhala ndikuganiza zaka zonsezi, kuti ndinatumidwa kukamuika m'madzi ndipo ntchitoyo ikadali pakhosi panga, kuti mwina tipite naye kumtsinje.

"Ayi," anatero. "Mbale munkatumizira amayi. Wayilesi inali ya nyumba. Changa chinali ichi chokha. Za nkhalamba yanuyo mukakambirana nayo nokha mukakafika kumene inapita."

Anatenga kaderno yanga, anang'amba tsamba loyera kumapeto, analiika patsogolo panga pamodzi ndi lapizi.

"Mwati mwaphunzira kulemba. Lembani kalata ija."

"Pano?"

"Pano, atate."

Ndinalemba. Dzanja limene linasema makutu opyapyala aja linabowola pepala pawiri. Ndinalemba kuti: Ichi ndi chidole cha Mina. Ndasema ndine. Musaope. Pansi ndinalemba dzina langa lonse, kenako ndinaikanso timizere titatu, kuti wolandira asakayike.

Mina anawerenga, anatembenuza pepalalo, anandibwezera.

"Simunalembe kumene ikupita."

Ndinagwira lapizi, ndipo ndinazindikira kuti pa mawu onse amene ndinaphunzira pabenchi lija, dzina la mkazi wanga ndinali ndisanalilembepo. Ngakhale m'kaderno muja, pamene linkafunika ndinkasiya mpata, powerenga n'kumangolitchula pamtima. Ndinamuuza. Anasendera pafupi, phewa lake linakhudza langa, ndipo anayamba kunditchulira chilembo chimodzichimodzi, ine ndikulemba. Anatchula zisanu ndi ziwiri. Chomaliza mawu anamuthawa, ndinachita kumaliza ndekha.

Anapinda pepalalo kanayi, analilowetsa mumng'alu wa kumsana, analikankha ndi chala chaching'ono mpaka linabisika. Kenako anamukulunganso m'nsalu ya amayi ake, anamunyamula ndi manja awiri, n'kubwerera naye kuchipinda.